Kuchotsa menyu yakale ya Debian pa Openbox: mmene ntchito yayendera

3 Febuluwale: vuto lake

Makina omwe ndikukamba pano ndi makompyuta akale angapo, onse ali pa Debian 12 (mtundu wa Linux) ndi Openbox 3.6.1, kapulogalamu kopepuka koyendetsa mawindo, palibe desktop yaikulu ngati GNOME kapena KDE chifukwa RAM yake ndi yochepa ndipo ena akugwiritsabe ntchito hard disk yozungulira ija. Menyu yomwe imatuluka ukadina batani lakumanja pa desktop yakhala ikupangidwa ndi package ya `menu`, ija ya `update-menus`. Package iliyonse imaika kafayilo kake mu `/usr/share/menu`, nde `update-menus` imasonkhanitsa tonse nkulemba `/var/lib/openbox/debian-menu.xml`, Openbox nkuwerenga pamenepo. Kwa zaka zambiri zimangoyenda, palibe amene ankazikhudza.

Koma pano menyuyo yauma. Uika pulogalamu yatsopano ndi apt, chida choikira mapulogalamu pa Debian, utsegula menyu, mulibemo. Uthamangitsa `update-menus` pamanja, ikutha bwinobwino popanda kudandaula kalikonse, komabe pulogalamuyo mulibemo. Chida sichinawonongeke ayi, chomwe chinatha ndi mafayilo oti chiziwerenga. Mu 2015 komiti ya zaukadaulo ya Debian inagamula kuti package yomwe ili ndi fayilo ya `.desktop` (kafayilo konena dzina la pulogalamu ndi mmene imayatsidwira, kokhala mu `/usr/share/applications`) isamaikenso fayilo ya menyu yakaleyo pa pulogalamu yomweyo, nde kuyambira pamenepo osamalira ma package akhala akuchotsa timafayiloto kamodzikamodzi. Ndinalowa mu `/usr/share/menu` kukaona zomwe zatsala, ndi zochepa kwambiri ukayerekeza ndi zomwe zili mu `/usr/share/applications`. Anthu ogwiritsa makinawa sadziwa za terminal, pulogalamu ikasowa pa menyu kwa iwo ndekuti kulibe basi.

Kale ndikafuna kukonza menyu pamanja ndinkatsegula obmenu, koma iyonso inali ya Python 2 ndi PyGTK, ndipo Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020, nde mu Debian ya pano simungaipeze.

5 Febuluwale: kusankha njira

Zida zolowa mmalo zilipo ndithu, si kuti ndinayamba kulemba yanga chifukwa kulibe. Pali obmenu-generator ya Perl, pali jgmenu yomwe ndi menyu payokha yosadalira Openbox, pali openbox-menu yomwe imadalira menu-cache ya LXDE, palinso xdgmenumaker kwa amene ali pa Fluxbox, IceWM kapena JWM. Ngati muli ndi kompyuta imodzi yanuyanu tengani chimodzi mwa izi, musazivute. Ine ndinkafuna zinthu ziwiri: chilichonse chichokere mu apt popanda kukokera zina kunja, komanso chikhale chachifupi choti munthu wina amene adzasamale makinawa mtsogolo adzathe kuchiwerenga nkumvetsa atakhala pansi kamodzi. Nde ndinasankha kulemba script ya Python 3.

Zomwe ndinafuna: `python3-xdg` yowerengera mafayilo a `.desktop` ndi kupeza ma icon, `desktop-file-utils` chifukwa cha `desktop-file-validate`, ndi `libxml2-utils` chifukwa cha `xmllint`, yoyang'ana ngati XML yalembedwa bwino. Ndalama sizinatuluke, zonsezi ndi timapackage tating'ono, ndipo `python3-xdg` inali kale pa makina ambiri chifukwa Openbox imaigwiritsa ntchito poyatsa mapulogalamu a autostart. Chomwe ntchitoyi imadya ndi nthawi.

Openbox ili ndi chomwe amati pipe menu: mu `menu.xml` umalemba kuti menyu iyi ichokere ku pulogalamu yakuti, ndipo ukaitsegula Openbox imathamangitsa pulogalamuyo nkuwerenga XML yomwe yatuluka.

```
<menu id="mapulogalamu" label="Mapulogalamu"
      execute="/usr/local/bin/menyu-yathu" />
```

Script imangofunika kutulutsa zinthu zokutidwa ndi `<openbox_pipe_menu>`. Yoyambayo inali yosavuta, kuwerenga fayilo iliyonse mu `/usr/share/applications`, kutenga `Name` (dzina) ndi `Exec` (command yoyatsira pulogalamu), kulemba.

6 Febuluwale: menyu yopanda kanthu

Nditaitsegula koyamba sinatuluke kalikonse. Pa terminal script imaoneka ngati ikugwira, mizere ikutuluka yambirimbiri. Ndinaidutsitsa pa xmllint:

```
menyu-yathu | xmllint --noout -
```

ndipo inaloza pomwepo: pulogalamu ina dzina lake ndi "Software & Updates", ka `&` kameneko mu XML sikaloledwa kukhala kokha. Kachizindikiro kamodzi kokha kakugwetsa menyu yonse, chifukwa Openbox ikapeza XML yolakwika simatenga theka ayi, imataya zonse. Ndinakonza ndi `escape` ndi `quoteattr` za mu `xml.sax.saxutils`. Kuyambira tsiku limeneli ndikasintha chilichonse ndimayamba ndadutsitsa pa xmllint kaye ndisanatsegule menyu. Chinanso, script isamalembe china chilichonse pa stdout, pomwe Openbox imawerenga XML, olo ka `print` kongoyesera, zodandaula zonse zizipita ku stderr.

Palinso ka mzere kapansi `_`. Mu label ya Openbox kamatanthauza kuti chilembo chotsatiracho ndi shortcut, nde dzina lokhala nako limaoneka lodukaduka. Ukakalemba kawiri `__` kamaoneka kamodzi bwinobwino.

8 Febuluwale: zinyalala zachuluka

Apa ndi pomwe ntchito yeniyeni inayambira. Menyu inatuluka, koma yaitali kupitirira screen, yodzaza ndi zinthu zomwe munthu sayenera kuziona: timapulogalamu tothandizira kutsegula mtundu wina wa mafayilo, zosinthira ma setting a desktop yomwe pa makinawo palibe, zina zobwereza kawiri. Mafayilo a `.desktop` si onse omwe ndi a pa menyu, ndipo malamulo ake analembedwa mu Desktop Entry Specification ya freedesktop.org. Ndikanena za chida chilichonse chopangira menyu pano funso langa loyamba ndi loti kodi chimatsatira malamulo amenewa mpaka pati, chifukwa kulemba XML ndi kachinthu kakang'ono, kusefa ndiye ntchito.

Choyamba `Type` ikhale `Application`, zina monga `Link` ndimazidumpha. Kenako `NoDisplay=true`, kutanthauza kuti pulogalamuyo ilipo ndipo itha kutsegula mafayilo ukawadina, koma isaoneke pa menyu. `Hidden=true` ndi ina, anthu amazisokoneza ziwirizi: Hidden imatanthauza kuti uitenge ngati fayiloyo inafufutidwa, kulibiretu. Ndibwereranso pa Hidden chifukwa ndi yomwe inandithandiza kwambiri pambuyo pake.

`TryExec` imatchula pulogalamu yoti uyang'ane ngati ilipo, ikasowa usaonetse. Ndinagwiritsa `shutil.which`. Ndinaonjezanso kuyang'ana liwu loyamba la `Exec` momwemonso, chifukwa mu foda ya munthu mumatsalira mafayilo a mapulogalamu omwe anachotsedwa kalekale, ukadina palibe chochitika, munthu nkumaganiza kuti kompyuta yazizira.

`OnlyShowIn` ndi `NotShowIn` zimatchula ma desktop omwe pulogalamu ioneke kapena isaoneke, ndipo zimayerekezedwa ndi `XDG_CURRENT_DESKTOP`, variable yonena desktop yomwe ikuyenda. Pa makina ena variable imeneyi inali yopanda kanthu, kutengera ndi mmene munthu walowera, ena kudzera pa display manager ena `startx`. Ndinaiika ndekha mu `~/.config/openbox/environment`, fayilo yomwe `openbox-session` imawerenga poyamba, kuti makina onse afanane. Zotsatira zake zonse zolembedwa `OnlyShowIn=GNOME;` kapena `OnlyShowIn=XFCE;` zinachoka. Zambiri zinayeneradi kuchoka, koma panali kamodzi ka Xfce komwe timagwiritsa ntchito ndithu ngakhale sitili pa Xfce, ndipo nako kanasowa. Sindinasinthe fayilo ya mu `/usr/share/applications` chifukwa apt idzailembanso pa update yotsatira. Ndinaikopera mu `/usr/local/share/applications` ndi dzina lomwelo nkuchotsa mzere wa OnlyShowIn.

9 Febuluwale: ziwiriziwiri

Kukopera kuja kunabweretsa vuto lina pompo, pulogalamu imodzi kuoneka kawiri, yakale ndi yokopera, poti ndinali nditangoonjezera foda yachiwiri pa mndandanda. Lamulo lake ndi loti fayilo iliyonse ili ndi ID, yomwe ndi dzina lake kuchokera pa foda ya `applications`, ndipo ngati ili mu foda yamkati ka `/` kamasanduka `-`. Umayenda mafoda motsatana, kuyambira `~/.local/share`, kenako omwe ali mu `XDG_DATA_DIRS` mmene alembedwera, ikakhala yopanda kanthu ndi `/usr/local/share` kenako `/usr/share`. ID yomwe wayamba kuipeza ndi yomwe yapambana, zotsatira zonse za ID yomweyo umazisiya.

Chofunika kusamala apa ndi dongosolo lake. Uyambe walemba kuti ID iyi ndaiona, kenako ndiye usefe. Poyamba script imasefa kaye nkulemba ID pambuyo, nde fayilo ya munthu yokhala ndi `Hidden=true` imatayidwa, kenako ya mu `/usr/share` nkulowa ngati palibe chinachitika. Nditatembenuza zinakhala bwino kwambiri: kuti ubise pulogalamu kwa munthu mmodzi umangoika kafayilo ka dzina lomwelo mu `~/.local/share/applications` kokhala ndi `Hidden=true`, kuti ubise kwa onse umakaika mu `/usr/local/share/applications`. Mu script simufunika mndandanda wa zobisa, ndipo desktop ina iliyonse yomwe idzaikidwe pa makinawo idzamvera zomwezo. Mukumbukire kuti Hidden imachotsanso pulogalamuyo pa zotsegulira mafayilo, ngati mukufuna izitsegulabe mafayilo koma isaoneke pa menyu ndi NoDisplay yomwe mukufuna, ndipo pamenepo mukopere fayilo yonse osati kamzere kamodzi.

12 Febuluwale: %U ndi anzake

Mapulogalamu ena ukadina amatseguka nkudandaula kuti fayilo yotchedwa `%f` sakuipeza, ena amatsegula tsamba lopanda kanthu la dzina loti `%U`. Mzere wa `Exec` umakhala ndi malo oikapo mafayilo: `%f` ndi `%F` mafayilo, `%u` ndi `%U` ma URL, `%i` icon, `%c` dzina la pulogalamu, `%k` komwe fayilo ya `.desktop` ili. Potsegula kuchokera pa menyu palibe fayilo, nde zinayi zoyambazo zimangochotsedwa. `%%` imasanduka `%` mmodzi. Palinso zakale zomwe anasiya, `%d %D %n %N %v %m`, nazonso nkuchotsa.

Za Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu yosadutsa pa apt, mizere yake ndi yaitali ndipo imathera ndi zinthu ngati `@@u %U @@`. Zimaoneka ngati zinyalala koma ndi za flatpak yomweyo, imazimva yokha. Chotsani `%U` yokha, ma `@@` asiyeni.

`Terminal=true`, monga htop, ukangoithamangitsa chabe palibe chooneka chifukwa ilibe windo. Ndinaika `x-terminal-emulator -e` patsogolo, pa Debian dzina limeneli limaloza terminal iliyonse yomwe yasankhidwa mu `update-alternatives`. Menyu yakale imachita izi yokha ikaona `needs="text"`, ndipo ndi pomwe ndinaona kuti chida chakalecho chimachita zambiri mwakachetechete kuposa mmene timaganizira.

14 Febuluwale: magulu

Apa sindinachedwepo. Ndinatenga magulu akuluakulu a mu specification, AudioVideo, Development, Education, Game, Graphics, Network, Office, Science, Settings, System, Utility, nkuwapatsa maina oti ogwiritsa ntchito amve. Pulogalamu imodzi itha kukhala ndi magulu angapo, monga `Settings;System;`, ine ndinasankha kuti iziwoneka pamodzi pokha, gulu loyamba pa mndandanda wanga ndi lomwe limatenga. Zopanda `Categories` zimagwera mu "Zina". Sindinagwiritse mafayilo a `.menu` a mu `/etc/xdg/menus` ngakhale python3-xdg imatha kuwawerenga, chifukwa amabwera ndi desktop inayake ndipo pa makinawa si onse omwe ali nawo. Kamodzi koti musaiwale: `id` ya menyu iliyonse mu Openbox ikhale yosafanana ndi ina kulikonse, kuphatikizapo za mu `menu.xml`, nde zanga zonse ndinaziyamba ndi chilembo chimodzi chapadera.

17 Febuluwale: ma icon, ndi Openbox kuzizira

Ili ndi lomwe linandidyera nthawi kuposa onse. Anthu amazindikira pulogalamu ndi kachithunzi kake msanga kusiyana ndi dzina, nde ma icon sindikanawasiya. Mu fayilo ya `.desktop` nthawi zambiri mumangolembedwa dzina, `Icon=firefox-esr`, koma Openbox imafuna path yonse mpaka pa fayilo. Kuti uipeze umayang'ana mu theme yomwe ikugwira, kenako ma theme omwe iyo imatengerako, kenako `hicolor`, pomaliza `/usr/share/pixmaps`. `xdg.IconTheme.getIconPath` imachita zonsezi. Mu `rc.xml` muonenso kuti `showIcons` ili pa yes.

Zinagwira, ma icon anaoneka, koma pa makina a hard disk yakale ukaloza pa "Mapulogalamu" koyamba chilichonse chimaima kaye kwa masekondi angapo. Si menyu yokha, mawindo onse, sungasunthe olo imodzi, alt-tab osagwira. Chifukwa chake ndi choti Openbox imathamangitsa pipe menu nkudikira mpaka ithe, ndipo nthawi yomwe ikudikirayo sichita china chilichonse, pomwe iyoyo ndi imene imayendetsa mawindo onse. Komanso simasunga zotsatira kwa nthawi yaitali, ukatseka menyu nkutsegulanso script imathamanganso. Nde script yochedwa pang'ono pa terminal, pa menyu imamveka ngati kompyuta yonse yafa. Ndinayesa ndi `time`, mbali yaikulu imapita pa kufufuza ma icon mmafoda ambirimbiri a theme, kuwerenga mafayilo a `.desktop` kokha sikuchedwa kwenikweni.

19 Febuluwale: kuyesa menyu yokhazikika

Ganizo loyamba linali kubwerera ku mmene `update-menus` imachitira, kulemba fayilo kamodzi pakaikidwa pulogalamu, Openbox izingowerenga. Ndinaika hook mu `/etc/apt/apt.conf.d/` pogwiritsa `DPkg::Post-Invoke` kuti apt ikamaliza script ithamange. Liwiro linali labwino zedi. Koma sizinakhalitse.

Hook imathamanga ngati root, akaunti yoyang'anira makina onse, ndipo sudo imayeretsa ma variable ambiri, nde `XDG_DATA_DIRS` ya munthuyo palibe. Za Flatpak zimakhala mu `/var/lib/flatpak/exports/share/applications` ndipo zimapezeka chifukwa cha variable yomweyo, zonse zinasowa. Foda ya `~/.local/share/applications` yomwe imawerengedwa ndi ya root osati ya munthu, nde zonse zobisa zija zinabwereranso. Pamwamba pa izi kuika pulogalamu ndi flatpak sikudutsa pa apt, hook siidziwa nkomwe. Ndipo olo fayilo ilembedwe, Openbox siiona mpaka munthu apange `openbox --reconfigure` mu session yake. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yozembera, koma zimachuluka, ndinaona kuti ndikumanganso chinthu chachikulu ngati chomwe ndikuchotsacho. Hook ndinaichotsa.

20 Febuluwale: cache

Ndinabwerera ku pipe menu koma ndi cache, kutanthauza kusunga menyu yopangidwa kale mu fayilo. Script ikayamba imayang'ana nthawi yomwe mafoda onse a `applications` anasinthidwa komaliza, ikaona kuti palibe chatsopano kuposa fayilo ya mu `~/.cache` imangotulutsa fayiloyo nkutuluka. Ikaona chasintha imapanga yatsopano. Ikuthamanga mu session ya munthuyo, nde ma variable onse ndi ake, Flatpak ikuoneka, zobisa zikubisika, ndipo reconfigure sikufunika.

Tinthu titatu tinatuluka poyesa. Nthawi ya foda imasintha pokhapokha fayilo yaonjezeredwa, yachotsedwa kapena yasinthidwa dzina, ukangosintha zamkati mwa fayilo foda siidziwa, nde ndinasintha `Name` ina menyu nkukhalabe ndi dzina lakale. Pano script imayang'ana nthawi ya fayilo iliyonse komanso ya foda, ndipo sizichedwa poti sikutsegula mafayilowo. Kachiwiri, `import xdg` ndinaisunthira mkati mwa mbali yopanga menyu yatsopano, kuti njira ya cache isamadikire zinthu zomwe sizigwiritsa ntchito. Kachitatu, polemba cache ndimalemba kaye pa fayilo yapambali kenako `os.replace`, chifukwa script ikadulidwa pakati imasiya XML ya theka ndipo menyu imakhala yopanda kanthu mpaka wina afufute cacheyo pamanja. Theme ya ma icon ndi `XDG_CURRENT_DESKTOP` ndinaziika pa dzina la fayilo ya cache kuti zikasintha ipangidwenso.

Kuchedwa kumatsala kamodzi kokha, kutsegula koyamba pambuyo poika pulogalamu. Ndinaonjeza mzere mu `~/.config/openbox/autostart` woti script ithamange chakumbuyo munthu akangolowa, zotuluka zake zipite ku `/dev/null`, nde nthawi zambiri akamadzatsegula menyu cache imakhala yakonzeka kale.

24 Febuluwale: za Wine ndi Path

Pa kompyuta imodzi pali pulogalamu yakale ya Windows yomwe imayenda pa Wine. Wine imaika mafayilo ake mmafoda amkati, `~/.local/share/applications/wine/Programs/` nkumapitirira, nde script inayenera kulowa mkati ndi `os.walk`, ndipo apa ndi pomwe lamulo la `/` kusanduka `-` linagwira ntchito. Inaoneka pa menyu, mu "Zina", koma ukadina imatseguka nkudandaula kuti mafayilo ake sikuwapeza. Mu fayilo yake muli mzere wa `Path=`, foda yomwe pulogalamu iyenera kuyambiramo, ndipo Execute ya Openbox ilibe poikapo zimenezo. Komanso command ya Openbox sidutsa pa shell, nde `cd uko && pulogalamu` sigwira pokhapokha uikute mu `sh -c`, ndipo mizere ya Exec ya Wine ndi yodzaza ndi ma backslash ndi ma quote, kuikutanso kachiwiri kenako nkuikanso mu XML ndi kufunafuna mavuto.

Nde ndinasintha maganizo pa nkhani yonse ya Exec. Pali `gtk-launch`, ili mu `libgtk-3-bin`, umangoipatsa ID ya fayilo ya `.desktop` iyo nkuchita zonse, ma `%U`, ma quote, Path. Pano command ya chinthu chilichonse pa menyu ndi `gtk-launch` ndi ID basi. Mbali yaikulu ya zomwe ndinalemba pa 12 Febuluwale inachoka, ndinangosiya yothandiza za `Terminal=true` chifukwa ndikufuna zizitseguka mu terminal yomwe tinasankha ife. Mtengo wake ndi woti pulogalamu imachedwa pang'ono kwambiri kuyamba poti gtk-launch iyenera kudzuka kaye, ine ndikuona kuti nzololeka. Amene mukuyamba ntchito ngati iyi yambirani pompa.

26 Febuluwale: zathu zakale za mu /etc/menu

Panali timafayilo tomwe tinalemba tokha zaka zapitazo mu `/etc/menu`, ta ma script othandizira monga kulumikiza printer ndi kukopera mafayilo ku disk yakunja. Maonekedwe ake akale ndi awa:

```
?package(local.kopera):needs="text" \
  section="Applications/System/Administration" \
  title="Kopera mafayilo" command="/usr/local/bin/kopera"
```

Kalikonse ndinakasandutsa fayilo ya `.desktop` mu `/usr/local/share/applications`:

```
[Desktop Entry]
Type=Application
Name=Kopera mafayilo
Exec=/usr/local/bin/kopera
Terminal=true
Categories=System;
```

`title` ikhala `Name`, `command` ikhala `Exec`, `needs="text"` ikhala `Terminal=true`, `section` uisankhire gulu loyandikira. Iliyonse ndinaidutsitsa pa `desktop-file-validate`, inagwira tinthu tingapo, makamaka ma command okhala ndi zizindikiro za shell zosakutidwa. Amenewo ndinangowasandutsa ma script apaokha kuti Exec ikhale mzere umodzi woyera. Ndinaona wina akulangiza kuthamangitsa `update-desktop-database` kuti menyu isinthe, imeneyo imangokonza `mimeinfo.cache` ya mitundu ya mafayilo, menyu siikhudza.

28 Febuluwale: kuchotsa yakale

Mu `rc.xml` ndinachotsa mzere wa `<file>/var/lib/openbox/debian-menu.xml</file>`, mu `menu.xml` ndinachotsa `<menu id="/Debian" />`, kenako `openbox --reconfigure`. Zonse bwino. Kenako pa kompyuta yoyesera ndinachotsa package ya `menu` yeniyeniyo, ndipo zinthu ziwiri zinasowa pa menyu yatsopano nthawi yomweyo. Script inali itachita zoyenera, inaona kuti liwu loyamba la Exec kulibe. Liwulo ndi `su-to-root`, kapulogalamu kofunsa password ya root, komwe kamabwera mu package ya `menu` momwemo ngakhale kalibe chochita ndi kupanga menyu. Musanachotse thamangitsani izi:

```
grep -rl su-to-root /usr/share/applications \
  /usr/local/share/applications ~/.local/share/applications
```

Njira ya masiku ano ndi `pkexec`, koma si kungosintha liwu. Imafuna agent ya polkit ikuyenda mu session, monga `lxpolkit`, apo ayi bokosi la password silituluka, ndipo pulogalamu ya mawindo siilandira `DISPLAY` pokhapokha pali fayilo ya policy yoilola. Imeneyo ndi ntchito ina payokha. Ndinabwezeretsa package ya `menu` ndipo ikhala pomwepo kaye chifukwa cha `su-to-root` yokha, `update-menus` ikulembabe fayilo yake koma palibe akuiwerenga.

4 Malichi: pomwe tafika

Script ili pa makina onse mu `/usr/local/bin`, `menu.xml` ndi `environment` zatsopano ndaziika mu `/etc/xdg/openbox` ndipo amene anali ndi zawozawo mu `~/.config/openbox` ndawasinthira pamanja, chifukwa za munthu zimaphimba za system. Ndayesa kuika ndi kuchotsa mapulogalamu ndi apt komanso flatpak, zikuoneka ndi kusowa pa menyu munthu osatuluka mu session.

Zotsala ndi ziwiri. Ma icon angapo sakupezeka chifukwa dzina lolembedwa mu `.desktop` mulibe mu theme yathu olo mu hicolor, pakadali pano ndimasiya `icon` osailemba pa zimenezo, zimaoneka ndi dzina lokha. China ndi kusamutsa zinthu ziwiri zija kupita pa `pkexec` ndi kulemba ma policy ake, zikatheka ndiye package ya `menu` ichotsedwe pa makina onse.